Momwe mungayesere matimu a AI (nzeru zopangidwa za makompyuta) a ophunzira pa mpikisano wa m'kalasi ku yunivesite

Chaka choyamba chimene ndinachititsa mpikisano wa mtundu uwu ndinalakwira ophunzira atatu, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwawa. Kalasi yonse inatha masabata asanu ikulemba mapulogalamu osewera okha gemu ya pa kompyuta, amene ophunzira amangoti ma bot, timu iliyonse ndi yake. Tsiku lomaliza ndinaseweretsa mwa chipulula, wogonja n'kutuluka. Timu ya atatuwo, imene inkabwera ku ofesi sabata iliyonse ndi mafunso ozama, inatuluka pa gemu yoyamba. Mapu amene anagwera anali ndi kanjira kamodzi kopapatiza kumbali yawo, bot yawo inatsekeredwa pamenepo, basi zinathera pomwepo. Malikisi ndinapereka potengera malo amene timu yathera. Patapita sabata ndinabwereza magemu omwewo kambirimbiri pa kompyuta yanga, ndipo bot imene ndinaiika kumapeto ija inkagonjetsa pafupifupi aliyense, ngakhale amene ndinawapatsa chikho.

Zimene zili m'munsimu ndi njira imene ndakhala ndikutsata kuchokera nthawi imeneyo. Mutu wake ndi umodzi: mpikisano ndi chida choyezera, ndipo chidacho chimanjenjemera. Malikisi ndi chigamulo chanu inuyo mphunzitsi. Musalole kuti ndandanda ya opambana igamule m'malo mwanu.

Yambani ndi kugawa malikisi, mpikisano usanalengezedwe

Dzifunseni kaye chimene phunziro lanu linaphunzitsa. Ngati munaphunzitsa njira zofufuzira monga A*, minimax ndi Monte Carlo tree search, kapena kuphunzira kwa makina kudzera mu mphotho ndi chilango, chimene mukufuna kuona n'chakuti wophunzira angathe kusankha njira yoyenera, kuigwiritsa ntchito, n'kufotokoza chifukwa chake. Kukhala nambala wani m'kalasi si umboni wa zimenezo. Bot yodzaza ndi malamulo ang'onoang'ono olemba pamanja, "ukaona mdani apa thawira uko", kawirikawiri imagonjetsa bot yoganiza bwino imene eni ake sanapeze nthawi yoikonza mokwanira.

Ine ndimagawa chonchi pa malikisi 100: 40 a kugonjetsa ma bot a aphunzitsi, 30 a lipoti, 20 a code ndi kufunsidwa pamaso, 10 a malo pa mpikisano. Mutha kusintha manambalawa, koma gawo la mpikisano lisakule. Chifukwa chake n'chosavuta: mu mpikisano wina akakwera wina amatsika, choncho ngakhale kalasi yonse itagwira ntchito yapamwamba, theka lidzakhalabe m'munsi. Pamene pa ma bot a aphunzitsi, onse atha kukhoza, ndipo ophunzira sachita mantha kuthandizana nzeru.

Lembani malamulo onse, makamaka a nthawi

Malamulo a gemu yokha savuta. Amene amabweretsa mikangano ndi a m'mbali: bot ili ndi masekondi angati oti iganize, ingagwiritse ntchito memory yochuluka bwanji, ikaima pakati pa gemu chimachitika n'chiyani, ingasunge zimene yaphunzira pa gemu imodzi n'kuzigwiritsa ntchito pa gemu ina kapena ayi.

Chitsanzo chabwino ndi mpikisano wa Pacman Capture the Flag wa phunziro la CS188 ku yunivesite ya California ku Berkeley, umene mayunivesite ambiri anautengera. Kumeneko timu imakhala ndi osewera awiri oyendetsedwa ndi pulogalamu. Aliyense amapatsidwa masekondi 15 okonzekera gemu isanayambe, kenako sekondi imodzi pa kusuntha kulikonse. Akapyola sekondi imodzi amachenjezedwa. Machenjezo akakwana atatu, kapena akatha masekondi oposa atatu pa kusuntha kumodzi, gemu yonse waluza. Palibe chokambirana chifukwa zonse zinalembedwa kale.

Vuto la kuyeza nthawi ndi wotchi n'lakuti kompyuta ya wophunzira ndi seva yanu sizithamanga mofanana. Bot imene imayankha m'kanthawi kochepa pa laputopu yatsopano itha kuchedwa pa seva imene ikuseweretsa magemu asanu ndi atatu nthawi imodzi. Mpikisano wa Battlecode wa ku MIT unathana nazo powerenga kuchuluka kwa malangizo ang'onoang'ono a makina, otchedwa bytecode, amene pulogalamu yagwiritsa ntchito pa ndime iliyonse, osati masekondi. Ngati simungathe kuchita zimenezo, auzeni ophunzira mphamvu zenizeni za seva yanu, apatseni mwayi woyeserapo, ndipo alangizeni kuti asiye mpata, asamadye sekondi yonse.

Pangani ma bot atatu a aphunzitsi

Awa ndiwo muyeso wanu wosasuntha. Yoyamba ikhale yofooka, yongosuntha mwachisawawa kapena yongothamangira chimene chili pafupi. Yachiwiri ikhale yapakatikati, yogwiritsa ntchito bwino njira imodzi ya m'phunziro. Yachitatu ikhale yolimba ndithu, imene inuyo ndi othandiza anu mwaivutikira. Yofookayo perekani pamodzi ndi code yake kuti ophunzira ayambirepo. Ziwiri zinazo azikumana nazo pa seva pokha, asaone m'kati mwake. Akaona, amalemba bot yodziwa kupusitsa ziwirizo zokha.

Kenako lembani poyera: kugonjetsa yofooka pa magemu 80 mwa 100 n'kwa malikisi akutiakuti, yapakatikati akutiakuti, yolimba akutiakuti. Ma bot amenewa muziwalowetsanso mu mpikisano weniweni. Ubwino wake mudzauona chaka chamawa, pamene mudzafuna kudziwa ngati kalasi yatsopano yaposa yakale.

Tsekerani bot iliyonse m'chipinda chake

Mukuthamangitsa code ya anthu ena pa makina anu. Bot iliyonse ikhale mu kontena yakeyake, kutanthauza malo otchingidwa m'kati mwa kompyuta, monga ya Docker, yopanda intaneti, yosatha kuwerenga mafayilo a inzake kapena kukhudza pulogalamu yoyimbira gemu. M'zilankhulo monga Python, ngati bot ndi woyimbira zikuthamanga pamodzi, wophunzira wochenjera atha kusuzumira zinthu zimene malamulo amati zibisike, monga malo enieni amene mdani ali. Ambiri sachita dala, koma khomo likakhala lotsegula wina adzalowa.

Pa gemu iliyonse sungani zinthu izi: matimu amene asewera, mtundu wa code wa timu iliyonse, mapu, seed ya manambala achisawawa, zotsatira, nthawi imene kusuntha kulikonse kunatenga, ndi fayilo yoonetsera gemuyo kachiwiri. Seed ndi imene imachititsa kuti gemu ibwerezedwe ndendende mmene inayendera. Popanda imeneyo, wophunzira akadzati "bot yathu sichita zimenezo", mudzasowa chomuonetsa.

Seweretsani aliyense ndi aliyense, mbali zonse ziwiri

Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu. Chipulula chimakoma kuonera koma sichiyeza bwino, chifukwa gemu imodzi yoipa imachotsa timu yabwino, ndipo amene wakumana naye koyamba amangokhala wa mwayi. Njira yodalirika ndi ya ligi, timu iliyonse kukumana ndi ina iliyonse. Pa mapu aliwonse asewere kawiri, mosinthana mbali, chifukwa magemu ambiri amakomera woyamba kusuntha kapena wa mbali ina ya mapu, ngakhale mapuwo azioneka ofanana mbali zonse.

Werengerani kaye ngati makina anu akwanitsa. Matimu 30 amapanga mapeyala 435. Mukachulukitsa ndi mbali ziwiri ndi mapu 10, magemu amakwana 8,700. Gemu iliyonse ikamatha mphindi imodzi, ndiye maola 145 pa purosesa imodzi, kapena maola pafupifupi 18 mukamaseweretsa asanu ndi atatu nthawi imodzi. Zimenezo n'zotheka m'masiku awiri. Kalasi ikakhala ya matimu 100, mapeyala amafika 4,950 ndipo ligi yathunthu imalemera. Pamenepo gwiritsani ntchito njira ya Swiss ya m'mipikisano ya chess, imene imakumanitsa matimu okhala ndi mapointi ofanana ndime iliyonse, kenako apamwambawo aseweretseni ligi yathunthu paokha.

Mapu agaweni pawiri. Ena aperekeni kuti ophunzira aziyeserapo. Ena abiseni mpaka tsiku lomaliza, koma akhale a mtundu womwewo ndi opangidwa ndi malamulo omwewo. Ndinaonapo bot imene inaloweza njira yonse ya mapu amodzi, kusuntha kulikonse kutalembedwa pamanja. Pa mapu amenewo inali yosagwirika. Itaikidwa pa mapu atsopano inkangogunda khoma mpaka gemu kutha. Mapu obisika ndi amene amasiyanitsa woganiza ndi woloweza. Koma auzeni poyamba kuti mapu obisika adzakhalapo, lisakhale dzenje lowakumbira.

Magemu angati ndi okwanira

Anthu amakhulupirira msanga zotsatira zochepa. Tengani matimu awiri ofanana mphamvu ndendende muwaseweretse magemu 10. Mwayi woti timu inayake ipambane 7 kapena kuposerapo ndi pafupifupi 17 peresenti, ndipo mwayi woti imodzi mwa ziwirizo itero ndi pafupifupi 34 peresenti. Kunena kwina, kamodzi pa katatu kalikonse mudzaona "katswiri" pamene palibe kusiyana kulikonse. Pa magemu 100, zotsatira zimatha kuphonya choonadi ndi magemu pafupifupi 10 mbali iliyonse, choncho kupambana 55 mwa 100 sikukuuzani zambiri. Kuti kuphonyako kuchepe ndi theka muyenera kuchulukitsa magemu kanayi.

Pali msampha wina. Ngati gemu ndi ma bot onse awiri alibe chachisawawa chilichonse, kubwereza mapu omwewo maulendo 50 kumangokupatsani gemu imodzi yomweyo maulendo 50. Sinthani mapu, seed kapena poyambira, osangowonjezera chiwerengero.

Zotsatira zake pa malikisi n'zakuti matimu amene asiyana pang'ono muwaone ngati ofanana. Ine ndimaika matimu m'magulu anayi kapena asanu, ndipo a gulu limodzi amalandira malikisi amodzi. Wa nambala 11 ndi wa nambala 12 akasiyana ndi magemu atatu pa mazana, sindingaime pamaso pa kalasi n'kunena kuti wina waposa mnzake. Yesani nokha: bwerezani ligi yonse ndi seed zina muone mmene apakatikati amasinthanirana malo.

Kusanja ndandanda

Ngati aliyense wasewera ndi aliyense magemu ofanana, kuwerenga mapointi n'kokwanira, ndipo ophunzira amakumvetsa msanga. Ingolembani poyamba kuti kupambana, kulepherana ndi kugonja n'kwa mapointi angati. Samalani ndi kusanja potengera kusiyana kwa zigoli, chifukwa kumapatsa mphotho bot yodziwa kupondereza ofooka kusiyana ndi yodziwa kulimbana ndi amphamvu.

Ngati matimu sanasewere ndi adani ofanana, mukufunika njira yowerengera mphamvu. Yodziwika kwambiri ndi ya Arpad Elo, imene bungwe la chess la FIDE linayamba kugwiritsa ntchito mu 1970. Pa njira imeneyi, woposa mnzake ndi mapointi 200 amayembekezeka kutenga 76 peresenti ya zotsatira, woposa ndi 400 amayembekezeka kutenga 91 peresenti. Koma Elo inapangidwira anthu amene mphamvu zawo zimasintha ndi nthawi, ndiye magemu omaliza amalemera kuposa oyamba, ndipo kungosintha dongosolo la magemu kumasintha ndandanda. Bot yomwe yaperekedwa kale sisintha. Choncho ndi bwino kuwerengera magemu onse pakamodzi ndi njira ya Bradley ndi Terry ya 1952, imene silabada kuti gemu iti inayamba. Ngati gemu yanu ndi ya matimu oposa awiri nthawi imodzi, TrueSkill ya Microsoft, imene inapangidwira magemu a pa intaneti a Xbox Live, imathandiza, ndipo imakuuzaninso kuchuluka kwa kukayikira pa mphamvu ya aliyense.

Ngakhale zili choncho, nambala imodzi siinena zonse. Timu A itha kugonjetsa B, B n'kugonjetsa C, C n'kubwera kudzagonjetsa A. Amene anapanga AlphaStar ku kampani ya DeepMind, bot yosewera gemu ya StarCraft II, anakumana ndi vuto lomweli la njira zogonjetsana mozungulira, n'chifukwa chake anaiphunzitsa mu ligi ya ma bot osiyanasiyana. Inunso sindikizani tebulo lonse loonetsa mmene timu iliyonse inachitira ndi ina iliyonse, ndipo muliwerenge. M'menemo mudzapeza timu yapakatikati imene ndi yokhayo inagonjetsa katswiri, ndipo funso loti inatha bwanji ndi labwino kulifunsa pamaso.

Kumbukiraninso kuti dongosolo limene mwasankha ndi limene limasankha wopambana. Mu mpikisano wa Robert Axelrod wa ku yunivesite ya Michigan, umene zotsatira zake zinatuluka mu 1980, mapulogalamu 14 anasewera Prisoner's Dilemma, gemu imene osewera awiri amasankha kugwirizana kapena kuperekana, aliyense ndi mnzake. Inapambana ndi Tit for Tat ya Anatol Rapoport, yaifupi kuposa onse, imene imayamba ndi kugwirizana kenako n'kumangobwezera zimene mdani wangochita kumene. Chodabwitsa n'chakuti Tit for Tat singapeze mapointi oposa a mdani wake pa gemu ina iliyonse. Imafanana naye kapena kutsalira pang'ono. Inapambana chifukwa ankawerenga mapointi onse pamodzi. Akanawerenga kuti wagonjetsa angati maso ndi maso, sikanatchulidwa n'komwe. Musanalengeze malamulo anu, dzifunseni mtundu wa bot umene akukomera, ndipo ngati ndi umene mukufuna kuti ophunzira apange.

Ligi ya usiku uliwonse, ndi tsiku lotseka

Masabata awiri kapena atatu tsiku lomaliza lisanafike, yambani kuseweretsa kaligi kakang'ono usiku uliwonse, zotsatira zizituluka m'mawa pamodzi ndi mafayilo oonera magemu. Zimenezi zimagwira msanga ma bot amene sakudzuka n'komwe pa seva chifukwa cha library (code yolembedwa kale imene bot imadalira) yosowa kapena dzina la fayilo lolakwika. Kupeza zero pa chifukwa choterocho, pambuyo pa masabata asanu a ntchito, n'kowawa kwambiri ndipo n'kopeweka.

Matimu ena amabisa bot yawo yeniyeni mpaka tsiku lomaliza kuti anzawo asaione. Sindiwadzudzula kwenikweni, koma ndimaika malikisi ochepa pa kugonjetsa bot yofooka ya aphunzitsi pofika pakati pa nthawi, kuti aliyense ayambe msanga. Tsiku ndi ola lotseka likakwana, tengani code ku Git, chida chosungira code ndi mbiri ya kusintha kwake, lembani nambala ya commit (chizindikiro cha mtundu wa code umene waperekedwa) ya timu iliyonse, muitumize kwa eni ake kuti atsimikize. Pambuyo pake palibe kusintha, ngakhale kadontho kamodzi.

Kukopera ndi kugwirizana mobisa

Pa kukopera, chida cha MOSS cha ku Stanford chimafananitsa code ya matimu onse, ndipo sichipusitsika ndi kungosintha mayina. Ikanimonso ntchito za zaka zapitazo ndi zimene zili poyera pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirako code, makamaka ngati gemu yanu ndi yotchuka monga Pacman. Koma MOSS imangoloza pokayikitsa. Werengani nokha, chotsani code imene munapereka inu, mufunse ophunzirawo musanagamule. Lembaninso momveka ngati zida za AI zolembera code zikuloledwa, ndi momwe azinenera akazigwiritsa ntchito.

Kugwirizana mobisa anthu sakuganizira. Mu 2004, pa mpikisano wokumbukira wa Axelrod uja, gulu la ku yunivesite ya Southampton linalowetsa mapulogalamu 60 amene ankazindikirana ndi mmene asunthira koyambirira. Akazindikirana, imodzi inkadzipereka dala kuti inzake ikolole mapointi, ndipo anatenga malo atatu oyamba. Malamulo a nthawiyo sankaletsa. Anu aletse: timu imodzi, bot imodzi, ndipo kugonja dala ndi kubera. Pa tebulo lija yang'anani timu imene imalimba kwa onse koma n'kumagwa ngati nkhuni kwa timu imodzi yokha.

Onerani magemu, kenako funsani anthu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa timu iliyonse onerani magemu osachepera atatu: imene anapambana, imene anagonja, ndi imene anakumana ndi bot yolimba ya aphunzitsi. Mudzaona zimene manambala sanena. Bot ina imapeza chigoli chimodzi kenako n'kukhala pakhomo mpaka nthawi kutha. Ina imavina pakati pa mabokosi awiri, kupita n'kubwerera, chifukwa malo onse awiri imawaona ofanana phindu. Ina imagonja koma mukuona kuti osewera ake awiri akuthandizana, wina akukopa mdani pamene mnzake akudutsa. Imeneyo yaphunzira kanthu.

Mu lipoti funani umboni, osati kudzitama. Afotokoze zimene anayesa n'kulephera, aonetse mmene bot imachitira akachotsamo chigawo chimodzi, anene magemu angati amene anaseweretsa asanakhulupirire kuti kusintha kwina kwathandiza. Timu imene yalemba kuti "tinayesa Q-learning, sinaphunzire kuthawa chifukwa mphotho tinaiika molakwika, nayi umboni" ndimaipatsa malikisi ambiri kuposa imene yapambana koma singathe kunena chifukwa.

Pomaliza itanani timu iliyonse kwa mphindi 10 kapena 15. Tsegulani gemu yawo, imitsani pakati, mufunse mmodzi ndi dzina: "Apa bot yanu yatembenukira kumanzere. N'chifukwa chiyani? Tisonyezeni mzere umene wachititsa." Kenako funsani wina funso lina. Amene analemba amayankha maso akuwala. Amene anangokwera nawo amayang'ana anzake. Mbiri ya Git imathandizako, koma musaidalire yokha, chifukwa ena amalemba awiriawiri pa kompyuta imodzi.

Kulengeza ndi madandaulo

Chipulula chili ndi malo ake. Ligi ikatha ndipo malikisi atalembedwa, tengani matimu asanu ndi atatu apamwamba muwaseweretse pa sikirini yaikulu kalasi yonse ikuonera ndi kukuwa. Wopambana alandire ulemu wake, koma malikisi asasinthe. Amene athera m'munsi, afunseni ngati akufuna kuti mayina awo aoneke. Dzina la timu lokha limakwana.

Perekani masiku atatu a madandaulo, ndipo nenani amene mudzawamva. "Seva inachedwa n'kutipatsa chilango cha nthawi" ndi dandaulo loyenera: tsegulani zimene munasunga, onani nthawi za kusuntha, bwerezani gemuyo ndi seed yomweyo makina ali opanda katundu wina. Mukapeza kuti vuto linali lanu, bwerezani magemu onse a ola limenelo, a matimu onse, osati a wodandaula yekha. "Tinaiwala kuchotsa mzere umodzi" si chifukwa chobwerezera ligi, koma aloleni akuonetseni bot yokonzedwayo ikusewera ndi ma bot a aphunzitsi, muwapatseko gawo la malikisi 40 aja. Mafayilo onse asungeni mpaka zotsatira za semesita zitavomerezedwa, ndipo pemphani chilolezo kwa matimu atatu apamwamba kuti ma bot awo adzakhale adani obisika a kalasi ya chaka chamawa.